Ndinatseketsa koma ndikusambabe, ndiye anatseka chiyani?

Nachisale_wa4:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso koma chonde musandiseke. Ndili ndi zaka 38, ana anayi, ndipo mwezi wa Febuluwale ndinakatseketsa. Ine mumtima ndinkati basi za kumwezi ndatsanzikana nazo, mpaka mapadi otsala ndinapatsa mng'ono wanga. Mwezi wotsatira ndikuona zabwera, tsiku lake lomwe lija. Mpaka pano sizinaphonyepo. Apongozi anga akuti opaleshoniyo sinagwire, ndikonzeke wachisanu. Alamu anga akuti ayi inagwira, koma mazira akuunjikana m'mimbamo poti alibe potulukira, tsiku lina adzaola n'kusanduka chotupa. Tulo sindikuliona. Kuchipatala anatifotokozera tili chigulu, mwachangu, ine mantha ali tho, palibe chimene ndinatolapo. Amene mukudziwa tandiuzani, anatseka chiyani kwenikweni, nanga magaziwa akudzera kuti?

Mai_Dalitso:
Asisi gonani tulo. Ine ndinatseketsa 2016, mpaka lero ndimasamba, wachisanu sanabwere.

ChembereYaKale:
Koma alamu anuwo musawatsutse msanga. Tikapha nkhuku ya thadzi timapeza timazira tili mulu m'mimbamo, tina tatikulu tina tating'ono. Nanga mutaimanga potulukira, timeneti tingapite kuti?

MzambaWopuma:
Mwana wanga Nachisale, ikani mtima m'malo. Funso lanuli ndinalimva kosawerengeka ndili pa ntchito. Vuto lathu timaganiza kuti m'mimba mwa mayi muli paipi imodzi, kuti mazira, magazi ndi mwana zonse zimayenda mmenemo, ndiye ukatseka pamodzi watseka zonse. Sizili choncho.

Tengani peyala laling'ono, muliimike mozondotsa, kwakukulu kukhale kumwamba, kosongoka kuloze pansi. Chiberekero chili chomwecho, kutalika kwake masentimita 7 kapena 8 basi ngati mulibe mimba. Chimakhala pansi penipeni, kuseri kwa fupa la pachinena, kutsogolo kwake kuli chikhodzodzo, kumbuyo kwake thumbo la chimbudzi. Kosongoka kuja ndiye khomo la chiberekero, lotsikira mu njira yoberekera. Kumwamba kuli ngodya ziwiri, ndipo pa ngodya iliyonse pachoka kachubu kotalika pafupifupi masentimita 10, kena kumanja kena kumanzere. Kumapeto kwa machubuwo ndi kumene kuli matumba a mazira, nawonso awiri.

Tsono potseketsa amangomanga ndi kudula machubu awiri aja. Chiberekero sachikhudza, matumba a mazira sawakhudza. Magazi a kumwezi sachokera kumtunda kudzera m'machubu ayi. Amachokera m'kati mwa chiberekero momwemo, n'kutulukira pa khomo lija lapansi, limene palibe analitseka. Kusamba kwanuko sikukutanthauza kuti opaleshoni inalephera. Mudzasambabe mpaka nthawi yanu yosiya itakwana, ambiri pakati pa zaka 45 ndi 55.

Nachisale_wa4:
Zikomo amayi. Koma magazi amenewo m'chiberekeromo amachita kudikha ngati madzi mu ndowa kudikira tsiku?

MphunzitsiWaBio:
Ayi achemwali, palibe ndowa. Ndiloleni ndilowererepo, izi ndimaphunzitsa ana a Fomu 4, ngakhale theka la kalasi limakhala litabisa nkhope pa desiki.

Khoma la chiberekero lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli kachikopa kopyapyala, kosalala, kuti chisamakhulane ndi matumbo. Pakati pali mnofu wochindikala, umene ndi gawo lalikulu la chiberekero chonse. M'kati muli chiyalo chofewa chimene mabuku amati endometrium, ndipo nkhani yanu yagona pamenepa. Chiyalochi chili pawiri. Chapansi chimakhala chikhalire, ngati chitsa. Chapamwamba ndi chimene chimaphuka mwezi uliwonse. Mukangomaliza kusamba chimakhala chopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu, kenako chimakula mpaka kufika sentimita imodzi kapena kuposerapo, chitadzaza timitsempha ta magazi topindikapindika ndi timabowo totulutsa chakudya. Thupi likuyala mphasa kuti mwina kubwera mlendo.

Amene amalamula zonsezi ndi matumba a mazira aja, kudzera m'mahomoni (timadzi tonyamula uthenga m'thupi) awiri, oestrogen ndi progesterone. Mahomoniwa sayenda m'machubu, amayenda m'magazi. N'chifukwa chake kudula machubu sikuwasokoneza. Dzira likatuluka osakumana ndi mbewu ya abambo, pakatha masiku pafupifupi 14 progesterone amatsika, timitsempha tija timafinyika, chiyalo chapamwamba chimasowa magazi n'kuyamba kusupuka. Chimene mumaonacho ndi chiyalo chosupukacho pamodzi ndi magazi. Magazi enieniwo ndi ochepa kusiyana ndi mmene amaonekera pa nsalu, kwa ambiri masipuni aakulu awiri kapena atatu pa masiku onsewo.

ChembereYaKale:
Masipuni atatu? Aphunzitsi, inu ndinu bambo eti?

MphunzitsiWaBio:
Ndine mayi, agogo, wa ana awiri. Ndikunena magazi okhaokha, osawerengera madzi ndi tizidutswa ta chiyalo. Koma alipodi amene amataya ambiri. Akapitirira mamililita 80, kapena padi ikumadzaza ola lisanathe, kapena kukutuluka zibuma zikuluzikulu, kumeneko ndi kofunika kuchipatala.

Za nkhuku zija ndikuyankheninso. Dzira la nkhuku ndi lalikulu chifukwa lasenza kamba yense wa mwanapiye wa masiku 21. Dzira la munthu silisenza kamba, mwana amadya kwa mayi ake kudzera mu nsengwa. Kukula kwake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ngati kadontho kamene mungalembe ndi nsonga ya bolopeni. Likatuluka limakhala moyo osapitirira tsiku limodzi, kenako limafa, thupi n'kulimwerera ngati mmene limachitira ndi maselo ena akufa tsiku ndi tsiku. Ngakhale kwa mayi wosatseketsa zimatha chomwecho miyezi yonse imene sanatenge mimba. Palibe choti chiunjikane.

Achimwene_aJoni:
Pepani amayi kuti ndalowa m'bwalo lanu. Akazi anga ali kumudzi, ine ndili ku Johannesburg, ndipo nkhani yotseketsayi takhala tikukangana pa foni. Anzanga kuno akuti mkazi akatseketsa amazizira, chilakolako chimatha. Zoona?

NaBanda_Zomba:
Anzanuwo anatseketsapo kangati?

MzambaWopuma:
Musamuthamangitse, wafunsa bwino, ndipo abambo ofunsa ndi osowa. Achimwene, chilakolako sichikhala m'machubu. Matumba a mazira akugwirabe ntchito, mahomoni ali momwemo, njira yoberekera sinakhudzidwe. Amayi ambiri amati amamasuka chifukwa mantha a mimba achoka. Komanso mudziwe kuti kutseka kwa abambo kulipo, ndipo n'kosavuta kuposa kwa amayi, mphindi zochepa osatsegula m'mimba.

Achimwene_aJoni:
Netiweki yavuta kuno amayi.

Mai_Dalitso:
Kkkkk wathawa.

Nangozo_88:
Ine ndikutsutsa pang'ono. Nonse mukuti palibe vuto, koma mchemwali wanga chitseketsereni msana sumupatsa mtendere, ndipo akasamba amataya magazi kwambiri kuposa kale. Musatiuze kuti akunama.

WophunziraUdotolo:
Palibe akuti akunama, asisi. Funso ndi lakuti asanatseketse ankalera ndi chiyani. Ambiri amakhala ali pa jakisoni kapena mapiritsi zaka zingapo. Njira zimenezi zimachititsa chiyalo chija aphunzitsi anena kukhala chopyapyala, ndiye msambo umachepa kapena kusowa kumene. Akatseketsa amasiya jakisoni, chiyalo chimayambanso kukula mwakale, msambo weniweni umabwerera, ndipo munthu amaloza opaleshoni. Chachiwiri ndi msinkhu. Amayi ambiri amatseketsa atapitirira zaka 30, nthawi yomweyo imene zotupa za m'chiberekero zimayamba kudzionetsa. Mchemwali wanuyo akajambulidwe pa sikani, asamangopirira.

Nangozo_88:
Anali pa jakisoni zaka zisanu ndi chimodzi, zimenezo ndiye zoona. Komabe ine ndikuona ngati opaleshoni inawonjezera.

Mtsikana_waLimbe:
Ndiye amene tili pa jakisoni osasamba, magazi sakuunjikana? Mayi anga amati akadzatuluka adzatuluka onse pakamodzi.

WophunziraUdotolo:
Sakuunjikana. Mphasa sinayalidwe, ndiye palibe choyalula.

ChembereYaKale:
Ana inu mwayamba kutchula zinthu poyera ngati mukugulitsa tomato. Ife kale izi tinkamvera kwa anankungwi, m'nyumba, chitseko chitatsekedwa.

NaBanda_Zomba:
Agogo, anankungwi anatiphunzitsa kusunga mwamuna ndi kusathira mchere tili kumwezi. Za machubu sanatiuze, chifukwa nawonso sanawaonepo. Ine ndinafika zaka 24 ndikuganiza kuti mkodzo ndi mwana zimatulukira pamodzi. Ndinadziwira pa bedi la kuchipatala atandiika kapaipi ka mkodzo, ndikufunsa anamwino kuti nanga mwana adzera pati mwatseka njira. Anaseka mpaka kugwira khoma.

ChembereYaKale:
Mchere ndiye musauyambe, tikangana mpaka mawa.

MzambaWopuma:
NaBanda simuli nokha. Mabowo ndi atatu: kutsogolo ka mkodzo, pakati njira yoberekera, kumbuyo kwa chimbudzi. Njira ya mkodzo ya mayi ndi yaifupi, masentimita 4 okha, pomwe ya bambo imafika pafupifupi 20. N'chifukwa chake matenda a m'chikhodzodzo amativuta ife kwambiri, tizilombo sitiyenda mtunda wautali. Popukuta muziyambira kutsogolo kupita kumbuyo.

Ndipo kuyandikana kumeneku ndi kumene kumabweretsa fistula. Pakati pa njira yoberekera ndi chikhodzodzo pali khoma lopyapyala. Mwana akakakamira masiku awiri, mutu wake umapanikiza khomalo pa fupa, magazi osafikako, mnofu umafa n'kubooka, mayi n'kumangodontha mkodzo usana ndi usiku. Si kulodzedwa, si chigololo ngati mmene ena amanenera. Ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo osokera amayi oterewa.

MaKhumbo_Mzuzu:
Nkhani ya machubuyi yandikumbutsa zanga. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndinaphonya mwezi umodzi, ndinali ndisanauze aliyense, ngakhale bambo a kunyumba. Tsiku limenelo ndinali ku chigayo, ndaika thumba pa mzere. Ndinamva kubaya mbali ya kumanja pansi pa mchombo, ngati wina wandilasa ndi singano yosokera matumba. Ndinakhala pansi pa ufa pomwepo. Chodabwitsa phewa linayambanso kuwawa, ine n'kumati mwina ndi thumba ndinasenza lija. Nditaimirira ndinangoona mdima. Amayi amene anali kumbuyo kwanga ndi amene anandikweza pa njinga, chitenje chili mbuu ndi ufa. Pa chipatala chaching'ono anandipatsa panado kuti ndi cham'mimba, mwamwayi mzamba wina anaona kuti m'maso mwayera, anandiyeza mkodzo n'kuitana ambulansi. Kuchipatala chachikulu anati mimba inakhala m'chubu, chubu chaphulika, magazi adzaza m'mimba. Anachotsa chubu cha kumanjacho, anandiika magazi mabotolo awiri.

Ndinalira kuti basi sindidzaberekanso. Pano ndili ndi ana awiri obadwa pambuyo pake, ndi chubu chimodzi chomwecho.

Nachisale_wa4:
Mayo ine. Mulungu ndi wabwino asisi. Koma mimba imakhala bwanji m'chubu, si m'chiberekero mokha?

WophunziraUdotolo:
Mimba iliyonse imayambira m'chubu, ambiri sadziwa zimenezi. Chubu sichinalumikizane ndi thumba la mazira ngati paipi ndi mpopi. Kumapeto kwake n'kotambasuka, kuli tizala tofewa timene timasesa pamwamba pa thumbalo n'kutola dzira likatuluka. M'kati mwa chubu muli makwinya ambiri, ndipo maselo ake ali ndi titsitsi tating'onoting'ono timene timagwedezeka kuloza ku chiberekero, ngati anthu opatsirana njerwa pa mzere. Mbewu ya abambo imakumana ndi dzira mmenemo, chakumapeto kotakasuka. Zikakumana, ulendo wopita ku chiberekero umatenga masiku atatu kapena anayi, ndipo pofika pa sabata kamakhala kakuzika m'chiyalo chija.

Tsono titsitsi timeneti n'tosachedwa kuonongeka. Chinzonono ndi chlamydia, matenda opatsirana pogonana, zikakwera kuchokera pansi zimasiya zipsera m'chubu, nthawi zambiri mayi osamva kanthu. Njira ikachepa, mbewu ya abambo imadutsabe poti ndi yaing'ono, koma dzira lokula lija limakanirira panjira. Chubu chilibe mnofu wochindikala ngati wa chiberekero, sichingatamuke, chimang'ambika mimba isanafike miyezi itatu. Phewa limene a MaKhumbo anena limawawa chifukwa magazi otayikira m'mimba amakafika pansi pa mnofu wopumira, ndipo mtsempha wa pamenepo ndi umodzi ndi wa paphewa.

A Nachisale, ichi chikukhudzaninso. Kutseketsa kumalephera mwa apo ndi apo, osakwana mayi mmodzi pa 100 m'chaka choyamba. Koma kukalephera, mpata woti mimbayo ikhale m'chubu umakhala waukulu. Ndiye tsiku limene muyenera kuda nkhawa si limene mwasamba, ndi limene mwaphonya n'kumamva kuwawa mbali imodzi.

MaKhumbo_Mzuzu:
Sindinadwalepo chinzonono ine, ndingonena.

WophunziraUdotolo:
Pepani mayi, sindimatanthauza inu. Ambiri zimawachitikira popanda chifukwa chodziwika.

MzambaWopuma:
Ndi chubu chimodzi mayi amabereka ndithu, chifukwa matumba amasinthana, mwezi uno lamanja, mwezi wa mawa lamanzere.

WophunziraUdotolo:
Amayi, mwaulemu, sasinthana mwadongosolo choncho. Limodzi likhoza kutulutsa miyezi iwiri kapena itatu motsatizana. Komanso chubu chotsalacho chimatha kutola dzira lochokera ku thumba la mbali inayo, poti zonse zili pafupi kuseri kwa chiberekero.

MzambaWopuma:
Ife anatiphunzitsa choncho kalelo. Chabwino mwanawe, ndalandira. Koma ukadzayamba kugwira ana ndi manja udzabwere ndikuphunzitse zimene mulibe m'buku.

MphunzitsiWaBio:
Kungoikapo ndemanga, dzina la Chingerezi la machubuwa, Fallopian tubes, linachokera kwa Gabriele Falloppio, katswiri wa ku Italy amene anawafotokoza m'zaka za m'ma 1500. Ana anga amalikumbukira dzinali pa mayeso koma ntchito ya chubucho amaiwala.

Chimene chimandizizwitsa ine ndi matumba a mazira. Lililonse ndi la masentimita atatu kapena anayi. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Pofika potha msinkhu atsala pafupifupi 300,000 kapena 400,000. Pa moyo wake wonse amene amakhwima n'kutuluka ndi 400 kapena 500 basi. Ena onsewo amangofota m'thumba momwemo, mwakachetechete, chibadwire. Ndiye alamu a Nachisale akanakhala olondola, tonse tikanaphulika tisanalowe Sitandade 1.

Mtsikana_waLimbe:
Mapadi akwera mtengo bwanji koma. Ine bola jakisoni yemweyu.

NaBanda_Zomba:
Sokani ochapa, telala aliyense amadziwa. Kungoti muziyanika padzuwa, osati kuseri kwa chitseko chifukwa cha manyazi.

Mtsikana_waLimbe:
Pa lendi pano chingwe n'chimodzi nyumba zisanu ndi imodzi, ndiyanike pati asisi?

Mai_Dalitso:
Phimbani ndi chitenje chopepuka pamwamba, dzuwa limalowabe. Tabwererani ku nkhani, ine ndili ndi langa. Mwana wanga wamkulu akufuna lupu koma akuti imayenda mpaka kukafika ku mtima. Komanso akuti kondomu ikavuka imalowa m'chiberekero.

MzambaWopuma:
Kondomu singalowe. Njira yoberekera ndi yotalika masentimita 7 mpaka 10 ndipo kumapeto kwake n'kotseka ngati thumba, kuli khomo la chiberekero lokha. Khomolo mukaligwira ndi chala limamveka ngati nsonga ya mphuno, ndipo kabowo kake n'kakang'ono kwambiri, kodutsa magazi ndi mbewu basi. Limatseguka mpaka masentimita 10 pa nthawi yobereka pokha, ndipo amene munachirapo mukudziwa maola amene zimatenga. Lupu nayo imakhala m'chiberekero, timaiika ndi kachipangizo kowonda, tizingwe take n'kutsalira pa khomo. Njira yopita ku mtima kulibe.

WophunziraUdotolo:
Ku mtima kulibedi. Chimene chimachitika mwa kamodzikamodzi, pafupifupi kamodzi pa 1,000, ndi kuboola khoma la chiberekero poiika. Chofala kuposa apo ndi kugwa yokha, makamaka miyezi yoyambirira. Akasiya kumva tizingwe akaonetse.

MzambaWopuma:
Mwana uyu sandisiya ndipume.

Nagama_UK:
Ndikuwerenga ndili pa shifiti ya usiku kuno ku Leeds. Za mnofu wapakati uja mwangodutsapo, koma ndi umene unandizunza ine. Mimba inakula ngati ya miyezi isanu, kumudzi anayamba kundifunira mafuno abwino. Zinali zotupa, zimene kuno amati fibroids, zitatu, chachikulu ngati lalanje. Adokotala anati zimamera kuchokera mu mnofu wa chiberekero womwewo, si khansa, ndipo akazi akuda timazipeza kwambiri komanso tili aang'ono kuposa azungu. Ndinkasamba masiku khumi, magazi anatsika mpaka ndinkapuma wefuwefu pokwera masitepe. Anachotsa zotupazo n'kusiya chiberekero. Ndiye a Nangozo, mchemwali wanu uja akapite ku sikani ndithu.

MzambaWopuma:
Mnofu umenewo ndimaulemekeza kuposa wina uliwonse m'thupi. Chiberekero chosakwana magalamu 100 chimakula mpaka kulemera pafupifupi kilogalamu imodzi pa miyezi isanu ndi inayi, kuchoka kuseri kwa fupa la pachinena mpaka kukagunda pansi pa nthiti. Ulusi wake sunayalidwe mbali imodzi, unalukanalukana ngati dengu, mitsempha ya magazi n'kumadutsa m'mipata. Nsengwa ikangochoka pamatsala bala lalikulu ngati chikhatho, mitsempha ili yasa. Palibe amene amalowamo kukasoka. Mnofuwo ukakungika, ulusi uja umafinya mitsempha yonse, magazi n'kuima. Ndiye mukaona mzamba akukubayani jakisoni pa ntchafu mwana atangotuluka, kenako akukutikitani pamimba mwamphamvu inu mukutukwana, akufuna chiberekero chilimbe ngati mpira. Chikakhala lende, mayi amatha kupita m'maola awiri okha. Ndagwirapo mimba ya mayi ndi manja awiri kumbuyo kwa galimoto msewu wonse osasiya, zala zinachita dzanzi mpaka mawa lake. Kuyamwitsa msanga kumathandizanso, n'chifukwa chake mumamva cham'mimba mwana akamayamwa masiku oyamba. Pakatha masabata asanu ndi limodzi chimakhala chabwerera m'malo mwake.

Amene munachitidwapo opaleshoni pobereka, pa mnofu umenewu pali chipsera, ndipo chipsera sichilimba ngati mnofu wosadulidwa. Mimba yotsatira musadikire matenda kunyumba.

NaBanda_Zomba:
Ndinamutukwanadi mzamba wanga. Ngati ali pagulu pano andikhululukire.

ChembereYaKale:
Popeza mwatsegula zonse, nanenso ndifunse. Mankhwala oika kumaso kuti kuume ndi kuthina, ife tinakula nawo. Pano akuti ndi oipa. Chavuta n'chiyani?

WophunziraUdotolo:
Agogo, khoma la njira yoberekera lili ndi maselo osanjikizana mizere yambiri, ngati m'kamwa, ndipo lili ndi makwinya kuti lizitha kutamuka mwana podutsa n'kubwereranso. Mmenemo mumakhala tizilombo tabwino timene timapanga asidi, kotero mumakhala mowawasa, ndipo tizilombo ta matenda timalephera kuswana. Chikazi choyera, chosanunkha, chosayabwa si uve, ndi mmene malowo amadzitsukira. Chimasinthanso ndi masiku, pakati pa mwezi chimatamuka ngati choyera cha dzira laiwisi, kusonyeza kuti dzira lili pafupi kutuluka. Mukaikamo masamba, mwala wosinja, sopo kapena mandimu, tizilombo tabwino timafa, khoma limauma n'kuchita timing'alu tosaoneka ndi maso. Pa timing'alu timeneti ndi pamene HIV ndi matenda ena amalowera mosavuta. Kuthina kumene abambo amayamikirako nthawi zambiri ndi kutupa. Kusamba kunja ndi madzi n'kokwanira.

ChembereYaKale:
Mmm. Agogo anu aamuna sanadandaulepo.

Mai_Dalitso:
Iwo sakanadandaula, wopweteka munali inu.

Nankhoma_Dedza:
Palibe watchula za kuyezetsa khomo la chiberekero. Ine ndinkathawa zaka zitatu chifukwa anzanga ankati amatulutsa chiberekero panja, n'kuchitsuka, n'kuchibwezera. Nditapita ndinapeza n'zina. Unagona chagada, amalowetsa kachitsulo kokhala ngati mlomo wa bakha, kozizira, amaunika ndi tochi, n'kupaka viniga pa thonje. Anamwino anayang'ana wotchi mphindi imodzi, tikucheza za mvula. Kenako anati pali kachigamba koyera. Mtima unagunda. Anati si khansa, ndi maselo amene ayamba kusintha, ndipo anawotcha tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha, kuwawa kwake ngati cham'mimba. Ndinatuluka madzimadzi masabata angapo, chaka chotsatira anati kuli bwino.

Nachisale_wa4:
Ndiye chiberekero sachitulutsa?

MzambaWopuma:
Chingatuluke bwanji, chili chomangidwa ndi minyewa mbali zonse ngati tenti. Chimene chimachitika kwa amayi ena obereka kwambiri kapena okalamba ndi kutsika, minofu ya pansi ikafooka. Imeneyo ndi nkhani ina ndipo imakonzeka.

WophunziraUdotolo:
Chifukwa chimene amayang'ana pa khomo penipenipo n'chakuti pamakumana mitundu iwiri ya maselo. Kunja kwa khomo kuli aja osanjikizana ngati a mu njira yoberekera. M'kati mwa kabowo muli mzere umodzi wokha wa maselo ataliatali opanga chikazi. Pa malire pamene awiriwa akumana, maselo amakhala akusinthika nthawi zonse, ndipo kachilombo ka HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana, kamakonda pomwepo. Pafupifupi khansa yonse ya khomo la chiberekero imayambira pa kamzere kameneka. Ambiri HPV amatha yekha m'thupi. Akakanirira, pamatenga zaka 10 mpaka 20 kuti pakhale khansa, koma kwa amene ali ndi HIV zimafulumira, ndipo mpata wawo ndi wochuluka kasanu ndi kamodzi. Viniga amayeretsa maselo osinthawo kuti aoneke zaka zimenezi zisanathe. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansayi ikupha amayi kwambiri padziko lonse, pomwe malo ake ndi oti namwino amawaona ndi tochi. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Mitundu iwiri ya kachilomboka, 16 ndi 18, ndi imene imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi, ndipo katemerayu amateteza ku iwiriyo.

Nangozo_88:
Katemera ameneyo ena akuti ndi wotseketsa ana athu mwakabisira.

MphunzitsiWaBio:
Mwawerenga pamwambapa mmene kutseketsa kumachitikira, mpaka munthu atsegule pamimba n'kudula machubu awiri. Jakisoni wa pamkono angadule chubu? Wanga wamkazi anabayitsa.

Nangozo_88:
Ine ndangonena zimene anthu akunena.

Nankhoma_Dedza:
A Nachisale, kutseketsa sikuteteza ku khansa ya khomo. Mukapezeke ku viniga.

Achimwene_aJoni:
Netiweki yabwera. Ndawerenga zonse. Za abambo zija ndiganizire kaye, koma madamu ndawatumizira zimene alemba azamba.

NaBanda_Zomba:
Muganize msanga, Disembala ili pafupi, mubwera kumudzi.

Nachisale_wa4:
Ndabwera kudzathokoza. Dzulo madzulo ndinagula peyala, ndinabaya timitengo tiwiri ta machesi m'mbali, ndinakhala pa mkeka ndi apongozi ndi alamu. Ndinathyola timitengo tija n'kuwafunsa ngati peyala labooka. Alamu anangoti kaya, ife tinamva choncho. Apongozi anatenga peyalalo, kulitembenuza, n'kufunsa kuti mwana wa makilogalamu anayi ngati bambo a ana angawa anakwana bwanji mmenemu. Kenako anaitanitsa mpeni ndi mchere. Ku viniga ndipita Lachinayi, ndipo akuti andiperekeza, koma iwo sakalowa.

MzambaWopuma:
Akafika pakhomo mukawauze kuti mzere ndi umodzi.